Nyimbo tiziiyesa ndi zipatso zake

Mawu otitsogolera: Mateyu 5:1-16 ndi Amosi 5:21-24

M'makomo ambiri achikhristu a ku Mitundu, ku Nathenje ndi m'midzi yozungulira muli mkangano umene sukutha, ngakhale kuti si kawirikawiri umafika pamaso pa akulu a mpingo. Mkanganowu ndi wa nyimbo. Tidazolowera kugawa nyimbo pawiri, zauzimu uku, zachikunja uko. Nyimbo ikatchula dzina la Yesu timailandira ndi manja awiri, ngakhale m'kati mwake mutadzaza kudzitama ndi kutemberera adani. Ikapanda kutchula dzinalo, makamaka ikakhala yovinitsa, timaithamangitsira kubawa, ngakhale ikudzudzula tchimo lomwe abusa adalidzudzula pa guwa Lamulungu lapitalo. Mwana wa m'kwaya akapeka nyimbo yotere, makolo sagona tulo, anzake amayamba kumusala, ndipo mbiri imawanda m'mudzi yakuti uje walowerera.

Ife tikuona kuti muyeso umenewu ndi woperewera, ndipo ukutitayitsa ana amene Mulungu adawapatsa mphatso. Pofuna kuti tione bwino nkhaniyi, tiyeni tiyambe tapita kutali, ku dziko la America, kumene banja lina lopemphera lidakumana ndi mkangano womwewu zaka zoposa 50 zapitazo. Banjalo linkadziwika ndi dzina lakuti The Staple Singers, ndipo chimbale chimene chidautsa mapiri pachigwa ndi Be Altitude: Respect Yourself, chomwe chidatuluka m'mwezi wa Febuluwale 1972.

Mutu wa banjali adali bambo Roebuck Staples, amene ambiri ankangowatcha Pops. Iwo adabadwa m'chaka cha 1914 m'chigawo cha Mississippi, ndipo adakulira pa esiteti ya thonje ya Dockery, pamene anthu akuda ankalima m'munda wa mwini malo n'kumagawana naye zokolola. Aliyense amene adaonako moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya kuno kwathu akudziwa kuti kugawana kotere kumathera kuti. Pa esiteti yomweyo mnyamata Roebuck adamva akatswiri oimba nyimbo za blues monga Charley Patton, naphunzira kuimba gitala. Anthu opemphera a nthawi imeneyo ankati blues ndi nyimbo za Satana. Choncho gitala imene pambuyo pake idadzatsitsimutsa mipingo yambiri idaphunziridwa kwa anthu amene mpingo unkawaona ngati otayika.

Chapakati pa zaka za m'ma 1930 bambo Staples adasamukira mu mzinda wa Chicago, kumene adagwira ntchito zolemetsa m'malo ophera nyama ndi m'mafakitale a zitsulo. Madzulo ankakhazika ana awo pansi n'kumawaphunzitsa kuimba monga ankaimbira kwawo kumudzi. M'chaka cha 1948 banjali lidayamba kuimba m'matchalitchi, ndipo mu 1956 nyimbo yawo yauzimu yotchedwa Uncloudy Day idawatchukitsa dziko lonse la America. Anthu ankadabwa ndi mawu akuya a mtsikana wamng'ono Mavis, ena mpaka kumaganiza kuti woimbayo ndi mwamuna. Kufikira pamenepa palibe Mkhristu amene adali ndi chowadandaulira.

Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 1963, pamene banjali lidakamva mbusa Martin Luther King akulalikira mu mzinda wa Montgomery. Nthawi imeneyo munthu wakuda kummwera kwa America sankaloledwa kudya, kuphunzira kapena kumwa madzi pamalo amodzi ndi mzungu. Atatuluka m'tchalitchimo, bambo Staples adauza ana awo kuti uthenga umene mbusayo akulalikira iwonso angathe kuuimba. Kuyambira pamenepo adayamba kupeka nyimbo za ufulu ndi chilungamo. Mu 1965, chaka cha ulendo wa pansi wochokera ku Selma kupita ku Montgomery wofuna ufulu wovota, adajambula chimbale cha Freedom Highway m'kati mwa tchalitchi cha New Nazareth ku Chicago, mpingo uli momwemo.

Mbusa King adaphedwa pa 4 Epulo 1968 mu mzinda wa Memphis. Chaka chomwecho banja la a Staples lidalowa m'kampani yojambula nyimbo ya Stax, ya mu mzinda womwewo, imene inkadziwika ndi nyimbo za soul. Pa 6 Malichi 1971 adaimba ku Accra m'dziko la Ghana pa chikondwerero cha Soul to Soul, pamodzi ndi Wilson Pickett ndi oimba ena otchuka. Tsono mkulu wa Stax, Al Bell, adawatengera ku situdiyo ya Muscle Shoals m'chigawo cha Alabama, kumene oimba zida adali anyamata achizungu. M'chigawo chimene chidatchuka ndi tsankho, banja la anthu akuda ndi anyamata achizungu adagwirira ntchito imodzi, napanga chimbale chimene tikukambachi. Pa nthawiyo gululi lidali la bambo Staples ndi ana awo aakazi atatu, Cleotha, Yvonne ndi Mavis.

Dzina la chimbalechi lili ndi phunziro pa lokha. Ziphunzitso za Ambuye Yesu za anthu odala, zimene timawerenga pa Mateyu 5, m'Chingerezi amazitcha Beatitudes. Eni chimbale adalipinda liwu limeneli kuti limvekenso ngati likunena za kukwera pamwamba, naliphatikiza ndi mutu wa nyimbo yawo Respect Yourself, kutanthauza kuti dzipatse ulemu. Motero munthu wogula chimbalecho m'sitolo ya nyimbo zovina ankapita kwawo atanyamula ulaliki wa paphiri, kaya adazindikira kapena ayi.

Nyimbo ya Respect Yourself, imene adapeka Luther Ingram ndi Mack Rice, ili ndi besi yolemera ndi malipenga, ndipo munthu sangaimvere atakhala chete. Koma mawu ake ndi mwambo weniweni, wonga umene nkhalamba imapereka kwa mdzukulu wake. Imadzudzula munthu wonyoza aliyense amene wakumana naye, wotukwana pamaso pa amayi, woyembekezera kuti dziko limupatse zonse iye atapinda manja, ndiponso anthu atsankho amene ankabisa nkhope zawo pochita zoipa. Mfundo yake ndi yakuti munthu amene sadzilemekeza asayembekezere kuti ena amulemekeza. Nyimboyi idafika pa nambala 12 pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo zotchuka m'dziko lonselo.

Inzake, I'll Take You There, ndiyo idakwera mpaka pa nambala 1 m'mwezi wa Juni 1972. Al Bell, amene adaipeka, wakhala akufotokoza kuti idamubwerera ali pa chisoni, atangoika m'manda mng'ono wake amene adaphedwa ndi mfuti. Kayambidwe kake adakatenga ku nyimbo ya ku Jamaica yotchedwa The Liquidator. Nyimboyi imaitanira womvera ku malo kumene kulibe kulira, nkhawa ndi chinyengo. Sitchula dzina la Yesu, koma Mkhristu aliyense wowerenga Chivumbulutso 21 akudziwa malo amene Mulungu adzapukuta misozi ya anthu ake. Komabe anthu ena a m'mipingo adakwiya. Mavis Staples wakhala akusimba kuti iwo adanenedwa kuti asiya Mulungu n'kuyamba kuimbira Satana, chifukwa chakuti nyimboyo inkamveka pa mawailesi a nyimbo za dziko ndipo achinyamata ankaivina.

Nthawi ndiyo idaweruza mlanduwu. M'chaka cha 1991 oimba nyimbo zauzimu otchuka, BeBe ndi CeCe Winans, adaimbanso nyimbo yomweyo mothandizana ndi Mavis, ndipo Akhristu ambiri adailandira ngati yawo. Nyimboyo idali yomweija, uthenga wake udali womwewo. Chimene chidasintha ndi makutu a omvera.

Kodi Malemba akutiuza chiyani pa nkhani imeneyi? Choyamba, kutchula dzina la Ambuye pa kokha si chizindikiro chakuti chinthu n'choyera. Pa Mateyu 7:21 Ambuye Yesu adachenjeza kuti kuitana dzina lawo ndi pakamwa sikulowetsa munthu mu ufumu, koma kuchita zimene Atate afuna. Mneneri Amosi adapitirira pamenepo. Aisraeli a nthawi yake ankaimba nyimbo za chipembedzo ndi azeze awo, kwinaku akupondereza osauka ndi kukhotetsa milandu. Mulungu adawauza kuti phokoso la nyimbo zawo lamutopetsa, ndipo chimene akufuna ndi chilungamo chosaphwa ngati mtsinje. Ndime yomweyi ndi imene mbusa King ankakonda kuitchula. Nyimbo zimene Mulungu adakana pa Amosi 5 zidali zauzimu monga mwa muyeso wathu.

Chachiwiri, choonadi cha Mulungu chingathe kuyenda ngakhale pamene dzina lake silidatchulidwe. Buku la Estere, monga lilili m'Buku Lopatulika, silitchula dzina la Mulungu ngakhale kamodzi, koma dzanja lake likuoneka kuyambira mutu woyamba mpaka wotsiriza. Mneneri Natani pokadzudzula mfumu Davide adayamba ndi nthano ya munthu wosauka ndi kankhosa kake. Mtumwi Paulo ali ku Atene, pa Machitidwe 17, adalankhula pa bwalo la anthu osapembedza Mulungu woona, natchula mawu a alakatuli awo omwe pofuna kuwafika pamtima. Ambuye Yesu mwini ankakamba za wofesa mbewu, za mayi wotaya ndalama ndi za mwana wolowerera, nkhani zimene mlimi ndi wamalonda ankazimva msanga. Pa Mateyu 5:13 adatiyerekeza ndi mchere. Amayi a ku Mitundu akudziwa kuti mchere umagwira ntchito ukasungunuka m'ndiwo, ndipo ukatero suonekanso ndi maso, umangomveka pa lilime.

Tisaiwalenso mbiri yathu. Agogo athu akukumbukira nthawi imene ng'oma idali yoletsedwa m'tchalitchi, pakuti amishoni ankaiona ngati chida cha kudambwe. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican utatha mu 1965, mpingo wa Katolika udatsekula khomo kwa zilankhulo ndi zoimbira za eni dziko, ndipo ng'oma ndi zisekese zidalowa pa Misa. Lero makwaya a achinyamata m'mipingo ya sinodi ya Nkhoma akuimba ndi makiyibodi, chinthu chimene akulu ena akale sakadachilola. Ku Balaka, m'chaka cha 1978, gulu la Alleluya Band lidabadwira pa parishi mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo Paul Banda ndi anzake adatenga kamvekedwe ka reggae n'kuikamo uthenga wa chikhulupiriro ndi wa moyo wa tsiku ndi tsiku. M'gulu limeneli ndi momwe mudakulira Lucius Banda, amene adatisiya pa 30 Juni 2024. Nyimbo zake zolira ndi amphawi ndi oponderezedwa zidayenda njira imodzi ndi kalata ya maepiskopi imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Ambiri amene sadaiwerenge kalatayo adamva kulira komweko kudzera pa kaseti.

Koma tisanamizane, nkhawa ya makolo ili ndi maziko. Njira yochoka m'kwaya kupita ku msika wa nyimbo ndi yoterera. Sam Cooke, mwana wa mbusa amene adakulira mu mzinda womwewo wa Chicago, adasiya gulu la nyimbo zauzimu la Soul Stirrers mu 1957, natchuka kwambiri, koma adafa mowomberedwa pa nyumba ina yogona alendo ku Los Angeles mu Disembala 1964 ali ndi zaka 33 zokha. Ngakhale banja la a Staples lidakumana ndi mayesero. Mu 1975 Curtis Mayfield adawapekera nyimbo ya chikondi cha mwamuna ndi mkazi yotchedwa Let's Do It Again, ndipo Mavis amasimba kuti bambo ake poyamba adakana kuimba mawu ena a m'nyimboyo ponena kuti iwo ndi munthu wa mpingo. Pambuyo pake adavomera, nyimboyo idafika pa nambala 1, koma aliyense woyerekeza nyimbo imeneyi ndi za m'chimbale cha 1972 aona kuti msika udayamba kukoka chingwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutchuka ndi ndalama zili ndi mphamvu yosintha uthenga pang'onopang'ono, woimba osazindikira.

Chimene tikukana ndi kuganiza kuti ngozi imeneyi ili mbali imodzi yokha. Msika womwewo umakokanso oimba nyimbo zauzimu. Tamva nyimbo zotchula Yesu zimene cholinga chake ndi kuzazira mnansi, kulonjeza galimoto kwa aliyense wopereka, kapena kuloza achibale kuti ndiwo mfiti zotsekereza mwayi. Nyimbo zotere zimalowa m'nyumba mosavuta chifukwa zavala malaya a mpingo, ndipo zimabzala chidani pakati pa abale. M'dziko limene nkhalamba zakhala zikuvulazidwa ndi kuphedwa poganiziridwa ufiti, nyimbo yoloza agogo chala si yauzimu, ngakhale itatchula dzina la Ambuye kakhumi.

Nanga tiziyesa bwanji? Pa Mateyu 7:16-20 Ambuye adatipatsa muyeso umene mlimi aliyense amaudziwa, wakuti mtengo umadziwika ndi zimene wabala. Banja lingathe kukhala pansi n'kufunsa mafunso atatu pa nyimbo iliyonse imene yalowa m'nyumba kudzera pa wailesi kapena pa foni. Kodi nyimboyi ikunena zoona za munthu, amene Genesis 1:27 akuti adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, kapena ikumusandutsa katundu, makamaka mwana wamkazi? Kodi womvera akaimva amatsala ndi mtima wotani, wofuna kukonza moyo wake ndi kukhululukira mnzake, kapena wofuna kubwezera ndi kudzionetsa? Kodi woimbayo angathe kuimba mawu amenewa pamaso pa amayi ake ndi pamaso pa mpingo wake wopanda kugwetsa nkhope? Nyimbo imene yapambana mafunso atatuwa tisaithamangitse chifukwa cha besi yake. Imene yalephera tisaisunge chifukwa cha dzina limene yatchula.

Uthenga wa chimbale cha a Staples, wakuti munthu adzipatse ulemu, ukufunika kwathu kuno monga udafunikira kwawo. Ena angafunse kuti kudzipatsa ulemu kukugwirizana bwanji ndi ulaliki wa paphiri, umene umadalitsa ofatsa ndi odzichepetsa. Yankho lili m'mbiri ya anthu amene adaimba nyimbozi. Bambo Staples adakulira m'dziko limene mwamuna wa imvi ankaitanidwa ngati kamnyamata, monga atsamunda ankaitanira agogo athu kuti boyi. Kwa anthu otere, kudzipatsa ulemu kudali kukumbukira kuti mtengo wa munthu adauika ndi Mulungu, ndipo palibe bwana angauchotse. Munthu wodziwa zimenezi safunika kudzikuza, pakuti alibe choti atsimikizire wina aliyense. Wodzikuza ndi amene amakayika za mtengo wake, n'chifukwa chake amaugula ndi mowa wogulira anzake ndi phokoso la pa bawa.

Taganizirani nyengo yokolola. Fodya akagulitsidwa ku Kanengo, soya ndi mtedza zikapita kwa mavenda, ndalama zimafika m'manja mwa bambo amene banja lonse lidamuthandiza kulima kuyambira pa nazale mpaka m'chigafa. Ena amafika nazo kunyumba, nakhala pansi ndi mayi kuwerengera feteleza, fizi ya ana ndi malata. Ena zimathera pa Mitundu kapena pa Nathenje, ndipo amabwerera kumudzi patatha sabata m'thumba muli mbee. Bambo wotereyu Lamulungu m'mawa sapezeka m'tchalitchi. Ulaliki wa abusa sumufika, nyimbo za amayi a Chigwirizano sazimva, ku mphakati sapitako. Chimene chimamufika ndi chimkuzamawu cha pa sitolo ndi foni ya mnyamata wa kabaza amene wamunyamula. Ngati ana athu opemphera saloledwa kuika mawu a nzeru m'nyimbo zomveka pamalo amenewo, ndiye kuti malowo tawasiyira oimba zolaula okha.

N'chifukwa chake tikupempha makolo, abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi atsogoleri a makwaya kuti mwana waluso akabwera ndi nyimbo yachilendo, choyamba timvere mawu ake mpaka kumapeto. Tikapeza cholakwika timuwongolere, pakuti kuwongola mtengo m'poyamba. Tikapeza choonadi timudalitse, ndipo timusunge pafupi ndi gome la Ambuye. Chimene chidathandiza ana a Staples n'chakuti sadapite okha ku msika wa nyimbo. Bambo awo adali nawo pa nsanja, gitala ili m'manja, kufikira ukalamba wawo, ndipo adamwalira mu Disembala 2000. Mwana amene tamupirikitsa ndi mawu akuti walowerera amapita yekha, ndipo kumeneko amakapeza alangizi ena amene sitidawasankhe ife.

Kwa inu achinyamata oimba, mawu athu ndi awa. Ufulu umene tikukupemphererani uli ndi udindo wake. Musabisale kumbuyo kwa nkhani ya a Staples pofuna kuimba zopanda pake. Iwo asanatuluke kukaimba pa mabwalo a dziko adakhala zaka zambiri akuimba m'matchalitchi, ndipo Mawu adali atakhazikika mwa iwo. Dziwani Baibulo lanu, khalani pansi pa uphungu wa akulu, ndipo tsiku limene wogula nyimbo adzakuuzeni kuti muchotse choonadi kuti malonda ayende, mudzakhale ndi mphamvu yokana. Davide adaimba zeze m'nyumba ya mfumu Sauli, pa 1 Samueli 16, ndipo mzimu woipa udachoka. Muyeso wa luso lanu ukhale womwewo: pamene mwaimba, kodi choipa chachoka kapena chalowa?

Tipemphere. Atate wathu wa kumwamba, Inu amene mudapatsa mbalame mawu ndi ana a anthu luso, tipatseni makutu ozindikira. Tithandizeni kuti tisakane choonadi chifukwa cha chovala chake, ndiponso kuti tisalandire bodza chifukwa latchula dzina lanu. Sungani ana athu oimba, limbitsani makolo awo, ndipo mubweze kunyumba abambo amene aiwala mtengo wawo. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.